Wotchi ya Alamu pa Mtsinje wa Nailo

Tinanyamuka Lolemba m'mawa, mwezi wa Malichi, London akuzizira ngati wina wamulakwira. Ine ndinachoka ku Barking kusanayere bwinobwino, ndinakwera sitima ya District mpaka ku Blackfriars, kenako ina yopita ku bwalo la ndege la Gatwick. Mng'ono wanga Tiyamike ndi amuna ake, alamu anga a Bonifesi, anakwerera pa East Croydon poti amakhala komweko. Ndinawaonera pawindo iwo asanandione. Tiyamike ankakoka masutukesi awiri. Alamu anali patsogolo chimanjamanja, atavala chipewa chotambalala ngati cha mzungu wa pa esiteti ya fodya.

Ulendowu tinaupeza wotchipa: mapaundi 480 munthu mmodzi, kuphatikiza ndege, sabata yathunthu pa chombo cha pa mtsinje wa Nailo, ndi chakudya katatu pa tsiku. Kuti ndalamayo ikwane ndinachita kuwonjezera mashifiti kunyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito. Nkhani za Farao ndi Yosefe ndinayamba kuzimva ndili mwana ku Ntcheu, ndipo ndinkafuna ndikaone ndekha ngati dzikolo lilikodi.

Alamu amagwira ntchito yowerengera ndalama pa kampani ina mkati mwa tauni. Chaka chimenecho anali atangolandira kumene pasipoti ya kuno ku Mangalande, ndipo podzithokoza anadzigulira wotchi yagolide. Wotchi imeneyo simukanalephera kuiona. Kaya wafunsa nthawi, kaya sunafunse, ankakuuzabe.

"Alamu, viza yanu ija mwatenga?" anandifunsa asanakhale n'komwe pansi. "Ife tikangogula pa eyapoti pomwepo, mphindi ziwiri basi. Ndi mmene zimakhalira ukakhala ndi kabuku kofiiraka."

"Ndatenga, alamu," ndinayankha. Ine ndinali ndidakali ndi pasipoti yakwathu, ndipo viza ndinachita kukaimira pamzere kusanafike tsiku la ulendo. Sindinafune kuyamba holide ndi mkangano.

Ndege inayenda maola asanu. Titatsika pa Luxor, mpweya wotentha unatiwomba kumaso ngati tavundukula uvuni, moti ndinavula majuzi onse awiri ndidakali pamakwerero. Basi inatitula pagombe pomwe zombo zinali zitagundizana m'mbali ngati maminibasi a pa depoti, ndipo kuti tifike pa chathu tinachita kudutsa mkati mwa zombo zina. Chathucho chinali cha nsanjika zinayi, pamwamba pali kadziwe kosambiramo kosakula kuposa bafa la pachipatala.

Wosamalira zipinda zathu anali bambo wina dzina lake Saberi, wa zaka za m'ma fifite, wamtali, wakuda ngati ife. Atandiona anaima, nagwira pachifuwa.

"Kwanu n'kuti, mchemwali wanga?" anafunsa m'Chingerezi chake chodukaduka.

"Ku Malawi."

"Malawi! Ifenso kuno tili ndi tauni ya dzina limenelo, kumunsi kwa mtsinjewu. Ine ndine Mnubiya wa ku Aswan. Tonse ndife Afirika." Anaseka, natembenukira kwa alamu. "Nanunso Malawi?"

"Ine ndine wa ku London," anatero alamu, namulozera masutukesi. "Usamale ndi yachikopayo."

Tsiku lililonse tikabwerako koyenda, tinkapeza Saberi atapinda mataulo athu kukhala nyama. Lero ng'ona, mawa tsekwe, tsiku lina nyani wolendewera pachitseko atavala magalasi anga. Ine ntchito yoyala mabedi a anthu ndimaidziwa, ndipo ndikudziwa kuti pofika bedi lomaliza msana umakhala ukulira. Munthu wotsala ndi mtima wopangira mlendo ng'ona ya taulo ndi munthu ndithu.

Lachiwiri tinadzuka m'mamawa kupita ku Chigwa cha Mafumu, kutsidya kwa mtsinje. Ndi malo ouma gwa, opanda ngakhale kaudzu kamodzi, mapiri a miyala yoyera okhaokha. Koma ukatsika m'manda amenewo, makoma onse ndi zithunzi, utoto wake wowala ngati anapaka dzulo: anthu akulima, akazi akupera, ng'ombe, nyenyezi kudenga. Ndinaona chithunzi cha mayi atasenza dengu pamutu ndendende ngati mayi anga, ndipo ndinaima pamenepo mpaka mlonda anandikodola kuti ndisunthe. Masana tinapita ku kachisi wa Karnak. Nsanamira zake n'zonenepa ngati milambe, ndipo zangoti ndandanda ngati nkhalango. Khosi linandiwawa ndi kuyang'ana kumwamba. Alamu anayang'ana wotchi, nanena kuti zinthuzi bwenzi zikusamalidwa bwino zikanakhala ku Ulaya.

Chakudya cha pachombo sindinadandaule nacho. M'mawa kunkakhala nyemba zophikidwa mpaka kuphwanyika, zothira mafuta ndi mandimu, zodyera buledi wafulati. Kunalinso chakumwa chofiira chozizira chimene amachitcha karikade. Nditalawa ndinaseka ndekha, chifukwa chinali chidede, chomwe chija tinkachipondaponda kumunda. Alamu ankaitana operekera zakudya pokhwatchitsa zala. Tiyamike ankangoyang'ana m'mbale.

Lachitatu chombo chinanyamuka kulowera kummwera. Ndinakhala pamwamba tsiku lonse kuonerera minda ya nzimbe, mitengo ya kanjedza, abulu, ana akusambira, ndipo kuseri kwa zobiriwirazo mchenga wokhawokha mpaka kumene maso amalekezera. Pa Esna chombo chinaima kudikira kuti atitsegulire njira yodutsira pa damu. Posakhalitsa tinazunguliridwa ndi timabwato ta ogulitsa malonda, amene ankaponya nsalu za patebulo ndi mikanjo m'majumbo kuchokera pamadzi mpaka nsanjika yachinayi, osaphonya. Ukaifuna, umaika ndalama m'jumbomo n'kuponyanso pansi. Ndinagula mkanjo wabuluu pa mapaundi a ku Iguputo makumi atatu, titanenerera ndi zala ngati pa msika wa Lizulu.

Madzulo ake, titatha kudya, kunali phwando la mikanjo. Panali masewera akuti amuna azikulungidwa ndi mapepala a kuchimbudzi kuti aoneke ngati mitembo youmikidwa ya mafumu akale, imene ankaikulunga m'nsalu. Alamu, atamwa mabotolo angapo, anadzipereka okha. Tiyamike anawakulunga mpaka kutsala mphuno, ndipo anapambana. Ndinaseka mpaka misozi. Kumeneko ndiye kunali kuseka kwanga komaliza pa ulendowo.

Lachinayi m'mawa, chombo chili pa Edfu, ndinamva kukuwa m'khonde. Nditatuluka ndinapeza alamu ataima pakhomo la chipinda chawo atavala kabudula yekha, chala chili pamphuno pa Saberi.

"Wotchi yanga ili kuti? Inali pakatebulo apa! Amene ali ndi kiyi wa chipinda chino ndi iwe wekha!"

"Bwana, sindinaione. Mulungu ndi mboni."

"Alamu, tayambani mwafufuza bwino," ndinatero m'Chichewa. "Mwina munaivula kuphwando."

"Alamu, musandiphunzitse. Anthu awa ndimawadziwa. Kumwetulira konseku ndi njira yoti atibere."

Anaitanitsa manijala wa chombo, bambo wonenepa wa suti. Alamu anayankhula Chingerezi chawo chapamwamba chija, chimene amachisungira ku banki, akutchula apolisi, akutchula maloya, akutchula kuti iwo ndi nzika ya dziko liti. Azungu anayamba kusuzumira m'zitseko. Manijala analamula kuti Saberi akhuthule matumba pomwepo, pamaso pa tonse. Munatuluka kampango, chisa chaching'ono, ndi mkanda wopempherera. Anakafufuzanso kumene Saberi ankagona, kunsi kwa chombo. Sanapeze kanthu. Tiyamike nthawi yonseyi anali atakhala pabedi, manja ali pakamwa.

Wotitsogolera anatiitana kuti ngolo zikudikira, ndipo ndinapita ndikuganiza kuti poti sanapeze kanthu, nkhani yatha. Ku kachisi wa ku Edfu amapita pa ngolo zokokedwa ndi mahatchi owonda nthiti kuonekera. Kachisiyo ndi wathunthu, denga lake lilipobe, koma musandifunse zambiri chifukwa mtima wanga sunali pamenepo. Pobwerera, ngolo yathu ikuyandikira gombe, ndinaona munthu akuyenda m'mbali mwa msewu atanyamula kachikwama ndi jumbo. Anali Saberi, atavula yunifolomu. Ndinamuitana, koma phokoso la mahatchi ndi mahutala linameza mawu anga. Sanacheuke.

Madzulo tinaima pa Kom Ombo, pomwe pali kachisi wa mulungu wawo wa mutu wa ng'ona. M'kachipinda kena amasungamo ng'ona zenizeni zoumikidwa kalekale. Ndili chiimire kuziyang'ana, Tiyamike anandikoka dzanja n'kupita nane kuseri kwa chipupa. Anatsegula chikwama chake, natulutsa kabokosi ka magalasi. Mkati munali wotchi.

"Anandipatsa dzulo ndisanayambe kuwakulunga," anatero. "Iwo sakukumbuka, anali atamwa. Inenso ndinaiwala, asisi. Ndinakumbukira manijala atafika kale."

"Ndiye unangokhala chete? Munthu akukhuthulidwa matumba ngati mwana wasukulu?"

"Mukuwadziwa mmene alili. Ndikanawachititsa manyazi pamaso pa azungu aja, ine ndikanalowera kuti?"

Ndinafuna kumumenya khofi, mwana amene ndinamubereka kumsana ndekha. Koma nditaona mmene ankacheukira kumene kunali amuna ake, ndinazindikira kuti mantha amenewo sanayambire pa Nailo. Ndinatenga wotchiyo n'kukaiika m'dzanja la alamu, pomwepo pakati pa nsanamira.

Anaiyang'ana, anaipukuta ndi malaya, naivala. "Chabwino, yapezeka. Basi tiyeni, chombo chingatisiye."

"Yapezeka? Nanga munthu uja?"

"Akapeza ntchito ina. Tikakanena pano tioneka ngati zitsiru. Isiyeni nkhaniyi, alamu."

Pamenepo ndiye ndinapsa mtima zenizeni. Alamu amenewa atangofika kumene ku London ankakolopa maofesi ku Wembley. Tsiku lina kuofesiko kunasowa foni, ndipo anawachotsa ntchito popanda kuwafunsa, chifukwa wokolopa anali iwo. Anabwera ku kachipinda kanga ku Barking n'kulira ngati mwana, akulumbira pa manda a bambo awo. Ndinawakumbutsa zonsezo, mawu ndi mawu.

"Tsiku lija munati chiyani, alamu? Simunati chowawa si ntchito, koma kutchedwa mbala?"

"Zimenezo n'zakale," anatero, nayang'ana kumbali. "Ndiponso n'zosiyana."

"Zasiyana pati? Poti lero wokuwa ndinu?"

Anatsogola kupita ku chombo, chipewa chili pendapenda.

Titakwera, ndinapita ndekha kwa manijala. Anandimvetsera akusewera ndi cholembera.

"Zimachitika, madamu. Mlendo akadandaula, wantchito amatsika. Ndi lamulo la kampani."

"Ngakhale asanabe?"

"Ndasangalala kuti wotchi yapezeka."

Ndinamuuza kuti sindichoka pa kauntala pakepo. Ntchito yanga yandiphunzitsa kudikira; ndimatha kuima ndi supuni pakamwa pa gogo wokana kudya mpaka atayasamula. Aliyense wodutsa kupita kukadya ndinkamufotokozera mokweza kuti wotchi ija sinabedwe, inali m'chikwama cha banja lathu lomwe, ndipo bambo wa ng'ona za mataulo uja wachotsedwa ntchito popanda mlandu. Mayi wina wachizungu wa ku Leeds, woyenda ndi ndodo, anadzaima pambali panga, kenako amuna akenso. Manijala atawona kuti anthu akuchuluka, anakweza manja.

"Chabwino! Abwerere. Koma kwawo kulibe foni. Mukafuna, kamuuzeni nokha tikafika ku Aswan."

Ankaganiza kuti sindingapite.

Lachisanu tinadzuka tili ku Aswan. Kumeneko mtsinje ndi wokongola kuposa kwina konse: zilumba za miyala yakuda, mabwato a matanga oyera, ndipo kutsidya phiri la mchenga wachikasu likutsikira m'madzi mwenimwenimo. Anzathu anakwera basi kukaona damu lalikulu ndi kachisi wa pachilumba, amene aliyense amati ndiye wokongola kuposa onse. Ine kachisi ameneyo sindinamuone, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Wophika wina wa pachombo anandiuza dzina la mudzi wa Saberi, nandiitanira wa bwato la injini amene anavomera kundiperekeza pa mapaundi awo makumi awiri. Ndikutsika makwerero ndinamva mapazi kumbuyo. Anali Tiyamike.

"Wawauza amuna ako?"

"Ndawauza kuti mutu ukundipweteka."

"Bodza linanso."

"Asisi, ndiloleni ndipite nawo basi."

Mudziwo unali pamchenga, nyumba zake zopaka buluu ndi chikasu. Wabwato uja anafunsa kwa amayi ena amene ankachapa, ndipo anatilozera khomo lobiriwira. Saberi anatuluka atavala mkanjo woyera. Atationa nkhope yake inauma, koma anatilowetsa n'kutikhazika pa benchi la dothi loyalidwa mkeka. Akazi ake anabwera ndi chidede chotentha m'timatambula, akumwetulira ndi mano onse.

"Sadziwa Chingerezi," anatero Saberi motsitsa mawu. "Ndawauza kuti ndabwera kudzapuma, msana ukundivuta. Chonde, nkhope zanu zisaonetse kanthu."

Choncho ndinafotokoza nkhani yonse ndikumwetulira ngati ndikukamba za nyengo. Ndinamuuza kumene wotchi inali, ndiponso kuti manijala wati abwerere. Akazi ake atalowa kukatenga zipatso za kanjedza, Tiyamike anatsika pa benchi n'kugwada pamchenga, monga timachitira kwathu.

"Bambo, ndinkadziwa. Ndinakhala chete chifukwa cha mantha. Ndikhululukireni."

Saberi anacheukira kukhomo kumene akazi ake analowera.

"Dzukani, mchemwali, akazi anga angaone. Si inu amene munanditcha mbala." Anamwa pang'ono. "Ndinayamba ntchito ya pazombo mwana wanga woyamba ali wakhanda. Pano nayenso ali ndi mwana. Azungu andikalipirapo ambiri, Aluya nawonso. Koma tsiku limene munakwera inu, ndinauza anzanga kukhitchini kuti sabata ino kwabwera abale anga."

Ndinaika katambula pansi.

"Ndiye mubwerera nafe?" ndinafunsa.

"Kamuuzeni manijala kuti ndidzakwera Lolemba ku Luxor, bambo ajawo atatsika. Ntchito ndikuifuna, ana akudya. Koma bedi la munthu ameneyo sindingaliyalenso."

Anatiperekeza mpaka pagombe. Akazi ake anatipatsa jumbo la chidede chouma, akutiuza ndi manja kuti tidzabwerenso. M'bwato Tiyamike analira njira yonse, ndipo wabwato ankangoyang'ana kutsogolo ngati sakuona.

Masiku otsalawo chombo chinabwerera ku Luxor. M'zipinda zathu munabwera wantchito wina, amene ankangoyala n'kutuluka msanga osatiyang'ana kumaso. Operekera zakudya ankandidzazira tambula ndisanapemphe, koma alamu akakhwatchitsa zala, onse ankagwidwa ugonthi. Alamu anafunsa Tiyamike kumene tinapita, ndipo ndinamva ndi makutu anga akuwayankha kuti, "Tinakapepesa m'malo mwanu." Aka kanali koyamba kumumva akuwayankha chotero chikwatiwire. Alamu sanandiyankhulenso, ngakhale patebulo, ngakhale mu ndege.

Tinatera pa Gatwick Lolemba madzulo, kukugwa kamvula kaja kosatha. Mu sitima tinakhala moyang'anizana ngati anthu osadziwana. Tikuyandikira East Croydon, alamu anaimirira, natsitsa sutukesi imodzi, Tiyamike n'kutenga inayo. Pakhomo anatembenuka.

"Alamu, nkhani ija isakafike ku tchalitchi. Tisamachititsane manyazi pagulu."

"Musadandaule, alamu, ku tchalitchi sindikanena," ndinatero. "Ndikangoilemba."

Anaseka poyesa nthabwala, chitseko n'kutsekeka.

Ndinafika ku Barking ndi mchenga m'nsapato, ndipo m'mawa mwake ndinali kale pa shifiti, ndikuyala mabedi. Anzanga akandifunsa ngati Iguputo ndi wokongola ndimati inde, pitani, kaoneni manda a mafumuwo, kakwereni chombo, kamweni chidede. Koma samalani munthu amene mukuyenda naye. Ndinkaganiza kuti amene analumidwapo ndi njoka sangaponyere mnzake njoka, koma ndinaona kuti ena ululu amauiwala tsiku lomwe chilonda chapola. Ngati Saberi anakweradi chombo Lolemba lija, sindikudziwa. Ife tinatsika iye asanafike. Maina a abale angawa ndasintha chifukwa cha mng'ono wanga. Koma alamu, ngati mukuwerenga, mwadzizindikira, ndipo bambo aja akudikirabe mawu anu.